Mbewa Zoyera Zimene Ndinkadyetsa

Amuna anga anamwalira atatupa mimba ndi miyendo. Kuchipatala anati ndi khansa ya m'chiwindi, ndiponso kuti tinabwera mochedwa. Alamu anga, alongo awo aakulu a malemuwo, anati ndi mdulo, ndipo wowadula ndine.

Ananena zimenezi titangobwera kumanda, azimayi titadzaza m'nyumba. Ndimakhala ku Kanyama, pa mdadada, nyumba zija za lendi zogundana makoma, moti ukatsokomola m'chipinda mwako a khomo lomaliza amakupepesa. Alamuwo sanakweze mawu. Anafunsa ngati mmene munthu amafunsira mtengo wa tomato.

"Ba mulamu, pa nyumba pano palibe mwana. Manje masiku anu a kumwezi, mchere mu ndiwo anali kukuikirani ni ndani?"

Kwathu kummawa kwa Zambia mkazi akakhala kumwezi sathira mchere m'ndiwo. Amaitana mwana wamng'ono, n'kumuikira mcherewo pachikhatho kuti aponye mumphika. Akathira yekha amati wadula amene adye, makamaka mwamuna wake: amatupa, amatsokomola, mapeto ake amasanza magazi. Ine ndinalangizidwa zimenezi ndili namwali, ndipo titangokwatirana ndinkazisunga. Mulungu sanatipatse ana, choncho ndinkaitana kamtsikana ka khomo loyandikana nalo. Amuna anga ndi amene anazithetsa. Anali owotcherera zitsulo, munthu wosachedwa kuseka. Tsiku lina anandipeza ndaima pakhomo ndi mchere m'manja, ndikukuwa dzina la mwana wa eni.

"Imwe, mufuna mdadada wonse uzidziwa kalenda yanu? Ikani mchere, kuno ni ku Lusaka."

Ndinathira, ndipo tinadya choncho zaka zambiri, iwo akunenepa.

Zimenezi ndi zimene ndinawayankha alamu, poti sindinaone chobisa. Anatembenukira kwa azimayi aja.

"Mwamva nonse. Wakamba yekha."

Mkazi wamasiye amasudzulidwa ndi achibale a mwamuna. Amamumeta, amamupatsa mankhwala osamba, kenako wamkulu wa banjalo amanena pamaso pa anthu kuti uyu imfa yamuchoka, ndi womasuka. Wamkulu wa banja la amuna anga muno mu Lusaka ndi alamu omwewo. Maliro atatha anabwerera kwawo ku Chawama osatchula tsiku la kumeta.

Palibe amene anandithamangitsa, palibe amene ananditukwana. Zimene zinasintha ndi mbale. Pa mdadada timapatsana ndiwo: wina akakazinga kapenta amatumiza kambale, iwe ukaphika chibwabwa chotendera, masamba a maungu aja, umabweza. Mbale zanga zinayamba kubwerera zili zodzaza. "Zikomo ba neba, tadya kudala." Kutchalitchi, kukagwa maliro, ine ndinali wa pa mphika wa nyama, chifukwa ankati dzanja langa limadziwa mchere wa anthu ambiri. Tsopano amayi otsogolera ankandipatsa zigubu kuti ndizikatunga madzi otsukira mbale. Ankachita mwaulemu ndithu, n'kumati ndipumeko ku utsi, ndikadali ndi chisoni.

Ndinganame nditati ndinkawaona olakwa. Ndinawaona amuna anga akutupa mpaka nsapato kukana, ndinawapukuta magazi pakamwa. Zonse zimene anamkungwi ananena zinachitika motsatana. Mawu akuti khansa ndinangowamva kwa dokotala wotanganidwa, amene ankalankhula maso ali papepala, pamene mdulo ndinakula nawo. Mapoto aakulu ndinawakankhira pansi pa bedi n'kutsala ndi kamodzi kakang'ono. Ndinkadya chitseko chili chotseka, nditavala zakuda zanga.

Ntchito inabwera kudzera mwa mayi wina wa kutchalitchi amene maondo anamukanika. Ankakolopa pa malo ena ofufuza za matenda, kummawa kwa tauni, ndipo anandipereka ine m'malo mwake. Ndinkakwera minibasi yopita m'tauni, kenako ina yotulukira mbali inayo. Poyamba ndinkakolopa makonde. Patapita nthawi kapitawo wathu, Mbemba wamimba yake, anandiitana.

"Ba mayo, kuli chipinda cha mbewa, bonse bakana ati zinunkha. Imwe ndimwe ba kummawa, kwa imwe kuja ni ku bucha. Koma tizaziwerenga pochoka."

"Mukanasunga anyani mukanalowamo nokha, mbale ili m'manja," ndinamuyankha.

Ife a kummawa ndi Abemba timanyozana chonchi, iwo za mbewa, ife za anyani, ndipo palibe amakwiya. Anaseka mpaka kugwira khoma. Nanenso ndinamva pakamwa panga pakutseguka, koyamba chichokere kumanda.

Chipindacho chinalibe zenera. Munkazizira chaka chonse, magetsi ankayaka ndi kuzima okha, ndipo makina a mpweya ankang'ung'uza osaleka. Polowa unkasamba m'manja, kuvala gauni, chipewa, chotseka pakamwa, magolovesi, ngakhale nsapato unkaziveka timatumba. Mbewazo zinkakhala m'timabokosi ta pulasitiki toonekera m'kati, tondandalikidwa pa mashelefu. Bokosi lililonse linali ndi khadi, lina lofiira, lina lobiriwira, osakanikirana popanda dongosolo limene ine ndikanaliona. Kapitawo anandiuza kuti makhadi si ntchito yanga, ndingoonetsetsa kuti khadi lisasiyane ndi mbewa zake. Yanga inali kusintha utuchi, kutsuka mabotolo a madzi, kuthira chakudya chonga cha akalulu oweta, ndi kunena ndikaona mbewa imene sikuoneka bwino.

Mbewa ndimazidziwa kuyambira ubwana, koma izi sizinali zakutchire zija tinkakumba tikatha kukolola. Zinali zoyera mbee, maso ofiira, zosadziwa una, zosadziwa chiwombankhanga kapena moto. Ukatsegula bokosi zinkaima ndi miyendo yakumbuyo n'kumanunkhiza chala. Zinkatenga kachakudya ndi timanja tiwiri n'kumakatembenuza ngati munthu akudya chimanga chootcha. Ntchito imeneyo ndinaikonda kuposa mmene ndikanauzira munthu. Pa dziko lonse, zinali zokhazo zimene zinkadya za m'manja mwanga osayamba zayang'ana kumbali. Loweruka ndi Lamlungu, kunyumba, ndinkaziganizira.

Mwini wake wa mbewazo anali dokotala wachitsikana, wochepa thupi, wa magalasi, woyenda mothamanga nthawi zonse. Sanali dokotala wa odwala, koma aliyense ankamutcha choncho. Ankalowa, kuzinyamula kumchira, kuziyeza pa sikelo, kuzisisita m'mbali ndi chala, n'kutuluka. Kwa ine ankangoti, "Mwauka bwanji ba mama," ali kale pachitseko.

Yoyamba ndinaipeza itadzikunga pakona, ubweya utaima, ikupuma movutika. Ndinauza dokotala, anaitenga, sinabwererenso. Ina inatuluka chotupa pa phewa. Ina inatupa mimba mpaka miyendo kumaoneka yaifupi, ikuyenda mokhwekhwereza. Imeneyo nditaiona ndinatseka bokosi n'kukhala pa ndowa. Mimba yotero ndinali nditaisambitsapo.

Ndinayamba kulumikiza zinthu. Nditangofika, mbewa zonse zinali zosalala. Amene ankathira chakudya ndi ine, madzi ndi ine, panalibenso wina. Ine wake wosasudzulidwa, amene anthu a pa mdadada anandizindikira kale. Magolovesi ndi kapulasitiki chabe, ndinadziuza, sangatchinge chinthu chimene chinapha munthu wamkulu wonyamula zitsulo.

Ndinayesa njira zanga. Ndinasiya kutapa chakudya ndi dzanja, ndinkatapa ndi kapu. Kenako ndinauza kapitawo kuti mkono ukundipweteka, azindithirirako. Anathira kangapo, akunena kuti ndikufuna kumuphunzitsa kuweta ndiwo, kenako anatopa nazo. Ndinkasamba m'manja mpaka khungu kung'aluka. Ndinkapemphera ndisanatsegule chitseko. Mbewa zinapitiriza kutupa, ndipo tsopano zinkatsatizana. Mmawa uliwonse ndinkalowa mtima uli m'mwamba, kuyang'ana kuti lero ndapha iti.

Ndinaganiza zosiya. Koma kungochoka osanena kanthu kukanakhala kuipa, chifukwa ndinamva kuti makolo a mbewazo anabwera pa ndege, ndipo mtsikanayo maphunziro ake onse anali pa izo. Tsiku lina masana ndinamupeza m'kaofesi kake akudya mabanzi ndi tiyi. Ndinagwada pafupi ndi chitseko.

"Ah, ba mama, nyamukani, pano si pa chilanga mulilo, pogwadira akuchimuna pa chikwati. Kuli chani?"

"Ba dokota, nabwera kulayira. Mbewa zanu nikuononga ndine."

"Mwazipatsa chani?"

"Palibe. Ni manja anga."

Ndinamufotokozera zonse, za mchere, za alamu, za mbale zobwerera. Ndinkayembekeza kuti aseka, kapena akalipa kuti bwanji sindinanene msanga. Anasiya banzi lake. Anati iye anakulira ku Matero, muno mu Lusaka, ndipo azakhali ake mpaka lero amaitana mwana pa mchere, choncho ndisaganize kuti ndikulankhula ndi mzungu. Kenako anaimirira.

"Valani gauni. Tiyeni ku mbewa."

Titalowa anandiimika pakati pa mashelefu.

"Zija zonse munanibweretsera zodwala, khadi yake inali ya mtundu bwanji?"

Ndinaganiza. Ya pa phewa, lofiira. Ya mimba, lofiira. Yopuma movutika ija, lofiira. Ndinafufuza m'mutu mwanga lobiriwira ngakhale limodzi, osalipeza.

"Nanga izi za khadi yobiriwira azidyetsa ndani?"

"Ndine."

"Na manja ena?"

"Omwewa."

Anatulutsa imodzi ya khadi lobiriwira n'kundiikira pachikhatho. Inali yonenepa, yosalala, yopusa ngati mmene inalili tsiku limene ndinayamba ntchito.

Zimene anandiuza pambuyo pake ndinazimva pang'onopang'ono, zina tsiku lomwelo, zina masiku otsatira, chifukwa ndinkabwerera kukafunsanso ndipo iye sankatopa. Sukulu ndinalekera ku pulayimale, choncho ndizinena mmene zinakhalira m'mutu mwanga.

Thupi la mbewa, ngakhalenso la munthu, ndi lomangidwa ndi tizidutswa tamoyo tosaoneka ndi maso, totchedwa maselo. Maselo amakalamba n'kufa, ena amafunika kuti bala lipole kapena mwana akule, choncho selo limagawikana kukhala awiri. Koma siligawikana mwachisawawa. Limayamba lakula, kenako limakopera malangizo onse amene lili nawo m'kati kuti ana ake awiri aliyense atenge ake, ndipo likatero limapatukana. Malangizo amenewo ndi ambirimbiri, lililonse ndi ntchito yake, ndipo limodzi amalitcha jini. Pokopera pamalakwika nthawi zina, monga amalakwitsira mwana wokopera za pa bolodi. Ndiye pali jini ina imene ntchito yake ndi kuimitsa. Dzina lake anandiuza, ndi zilembo ndi manambala, silinakhale m'mutu.

"Muziba kondakita?" anatero. "Dalaiva sanyamuka kufikira kondakita aone kuti chitseko chavalika, amenye pa bodi ya basi. Iyi jini ni kondakita. Ikaona kuti malangizo aonongeka, ikamba ati imani, konzani poyamba. Vikakonzeka, selo ipitiriza. Vikakanga kukonzeka, iuza selo ati iwe ulendo wako wathera pano, na selo izipha yeka."

Mbewa za khadi lofiira zinalibe jini imeneyo. Anthu anaichotsa dala mwa makolo a makolo awo, kudziko lakutali, ine ndisanadziwe n'komwe kuti kuli nyumba yotere. Zimabadwa zooneka bwino, zimakula bwino, chifukwa poyamba zolakwika zimakhala zochepa. Koma selo lolakwika likapezeka palibe woliimitsa. Limagawikana, ana ake amatengera cholakwikacho n'kuwonjezera chawo, iwonso amagawikana, mpaka pamakhala chotupa. Za khadi lobiriwira zinali abale awo a mtundu womwewo, koma jini yawo ili m'malo. Ankazisunga pamodzi, chakudya chimodzi, madzi amodzi, wodyetsa mmodzi, kuti kusiyana kwake kukhale kumodzi kokha.

"Za khadi yofiira zinabadwa zili pa njira yotupa, ba mama. Olo sembe simunabwere. Kutupa kwake ndiye nchito yanga, niyembekeza kuona kuti kuyamba liti na kuti."

Ananditengera ku chipinda china n'kundionetsa pa makina oonera tinthu tating'ono. Ndinavutika kutsinzina diso, iye akuseka kuti ndikuyang'ana ngati ndikusuzumira pa bowo la chitseko cha neba. Kagalasi koyamba kanali ka nyama ya mbewa yabwino. Ndinaona timabwalo tofiirira, tofanana, tokhala m'mizere, pakati pali tinjira. Kachiwiri kanali ka chotupa. Kumeneko kunali ngati kwathu ku Kanyama, kumene aliyense anamanga pamene wafuna, wina pa msewu, wina pa ngalande, mpaka madzi a mvula kusowa kolowera. Timabwalo tinali tothithikana, tina tatikulu, tina topindika, topanda mpata.

Ndinachotsa diso n'kufunsa chimene ndinkafuna kufunsa kuyambira pachiyambi.

"Jini ija, na anthu ali nayo?"

Anati tili nayo, yofanana kwambiri ndi ya mbewa, n'chifukwa chake amaphunzirira pa mbewa. Munthu amabadwa nayo yabwino, koma ingathe kuonongeka m'selo limodzi, ndipo m'zotupa za anthu ambiri a khansa amakaipeza itaonongeka.

"Ndiye amuna anga inawafera imeneyo?"

"Sininabaone, siningakunamizeni. Kapena ni yamene iyi, kapena ni inzake, zilipo zingapo zogwira nchito yoimitsa."

Ndinafunsa chimene chimaiononga. Anayamba kuwerenga ndi zala mwachangu, ngati ali m'kalasi. Anati nthawi zina ndi kulakwitsa kwa kukopera kokha, popanda chochititsa. Nthawi zina utsi wa fodya. Ku chiwindi, matenda ena amene amakhala m'magazi zaka zambiri munthu osadziwa. Kapenanso chuku chimene chimamera pa chimanga ndi nsawa zosungidwa ponyowa.

"Nsawa?" ndinatero. "Ndinkawatenderera pafupifupi tsiku lililonse."

Anavula magalasi n'kudzigwira kumaso.

"Mayo ine, kamwa yanga. Ba mama, mwatula katundu umodzi, musanyamule wina. Zambia yonse idya nsawa. Bamuna banu banadya kumunzi bali mwana, banadya ku nchito, banadya pa msika. Palibe angakambe kuti ni mbale iti, olo kuti ni nsawa. Vamene niziba ni ivi: selo siiziba kuti mchere waika ndani, siiziba na tsiku ya mwezi."

Sindinganene kuti ndinatuluka m'chipindamo nditayera. Chinthu chimene unachimva uli namwali sichichoka ndi masana amodzi. Koma ntchito sindinasiye. Kapu ija ndinaibweza, n'kuyambanso kutapa chakudya ndi dzanja. Ndipo ndinayamba kufufuza kwangakwanga, kosauza munthu. Za khadi lobiriwira ndinkazigwira dala, kuzisisita, kuzipatsa chakudya m'kamwa ndi zala zanga, makamaka masiku anga aja, poti anali asanaleke. Mwezi unkatha, wina n'kubwera. Zofiira zinkachepa pa mashelefu. Zobiriwira zinkangonenepa, n'kuyamba ulesi wa ukalamba.

Mvula itayamba ndinapita ku Chawama. Ndinayenda ndi nsapato m'manja kuchokera pa mdadada mpaka pa msewu waukulu, chifukwa madzi anali m'maondo. Alamu ndinawapeza pakhonde akusankha nyemba. Anandipatsa mpando, anafunsa za madzi ku Kanyama, ine ndinafunsa za shuga wawo. Kenako ndinanena chimene ndinabwerera. Ndinafotokoza bwinobwino, mmene ndinakonzera m'minibasi: makhadi awiri, manja amodzi, jini yoimitsa. Anamvetsera mpaka kumapeto, zala zili mu nyemba.

"Mwasiliza?"

"Nasiliza."

"Mlongo wanga, wamene ninapapa pa msana amai batafa, lero mwamusandutsa mbewa?"

"Sininakambe choncho, ba mulamu."

"Mbewa ili na mkazi? Mbewa inalangiziwa? Bazungu bachotsa vinthu mu mbewa zao, ni vao. Mlongo wanga palibe anamuchotsa kanthu. Anali bwino, anadya, anatupa."

Ndinati ndi zoona sanachotsedwe kanthu, koma chinthucho chimatha kuonongeka chokha. Anati chokha chimene chimaonongeka chokha ndi ndiwo za dzulo. Ndinapempha kuti ngakhale asakhulupirire, andisudzule, chaka chinapita kale. Anayang'ana kumsewu. Maso awo anali atadzaza misozi, ndipo ndinaona kuti nawonso aonda chimwalirire mlongo wawo.

"Nikalibe kukonzeka," anatero.

Anandiperekeza mpaka pa geti. Ndili m'minibasi ndinaganiza kuti mwina akanavomera, akanatsala opanda womukwiyira, ndipo ine ndikudziwa mmene nyumba imakhalira chete ukasowa ngakhale ameneyo. Sindinapitekonso.

Kafukufuku uja anatha chaka chotsatira. Mbewa zotsala anazigoneka ndi mpweya, zofiira ndi zobiriwira zomwe, chifukwa ankafuna kuona m'kati mwa zonse. Tsiku limenelo ndinapempha kukolopa makonde. Mawa lake ndinatsuka mabokosi onse n'kuwasanjikiza, chipinda chikung'ung'uzabe chopanda kanthu. Dokotala anapita kunja kukapitiriza maphunziro. Anandikumbatira pa khonde mothamanga, chikwama chili paphewa. Patapita miyezi yochepa kampani yathu yokolopa inachepetsa anthu, ndipo ine ndinali mmodzi wa ochotsedwa.

Ndinakhala pakhomo kwa kanthawi. Kenako tsiku lina ndinavula zakuda ndekha, popanda wondimeta, n'kuvala chitenge cha maluwa chimene chinali pansi pa sutikesi. A pa mdadada anangoona. Ndinatulutsa poto wamkulu pansi pa bedi, ndinagula mathireyi a mazira, n'kuwawiritsa. Sindinayese kugulitsa ku Kanyama. Ndinakwera mpaka ku Mtendere, kumene kulibe wondidziwa, n'kukhala pafupi ndi pokwerera minibasi, beseni pamiyendo, mchere m'kabotolo, tsabola m'kena.

Dzira lowiritsa wogulitsa amasenda yekha, kulidula pakati ndi kampeni, n'kuwaza mchere ndi zala zake. Woyamba kuima anali mayi wapakati, wovala yunifolomu ya m'sitolo, mimba itayamba kuonekera. Pa anthu onse amene mdulo amati umawagwira msanga, wapakati ndiye woyamba. Ndinayesa kumubweza.

"Kwathu wapakati sadya mazira. Mwana amabadwa wopanda tsitsi."

"Tizamugulira wigi. Nipatseni yabiri, ba mama, njala yanipha."

Ndinasenda, ndinadula, n'kumupatsira kabotolo kuti athire yekha. Anandionetsa manja ake, lina lili ndi chikwama, lina foni.

"Ikeniko imwe. Wambiri."

Ndinatsina mchere n'kuwaza. Anadya ataima, anapukuta pakamwa ndi kuseri kwa dzanja, n'kuthamangira basi.

Anasanduka kasitomala wa masiku onse. Ine ndinkamupatsa mazira maso ali kumapazi kwake. Miyezi itapita mapaziwo anayamba kutupa, mpaka anasiya nsapato n'kumavala patapata. Ndikudziwa kuti apakati ambiri amatupa mapazi, ndinawaona kuyambira kale. Ndinkadziuza zimenezo, ndinkadziuzanso za khadi lobiriwira, komabe madzulo pobwerera ku Kanyama chakudya chinkandikanika. Kenako anasiya kubwera. Sindinkadziwa dzina lake, kapena sitolo yake, kapena kumene amakhala. Panalibe womufunsa. Ndinkangokhala ndi beseni langa, kusenda, kudula, kuwaza, n'kumayang'ana aliyense wotsika basi.

Anatulukira nyengo yozizira itayamba. Ndinamuzindikira ndi mayendedwe, chifukwa yunifolomu sanavale. Kumbuyo anali atabereka mwana, pa chitenge ndi bulangete pamwamba. Mapazi ake anali mu nsapato zake zakale zija.

"Ba mama, mukalipo? Yabiri. Uyu ayamwa monga alipira."

Anatembenuka kuti ndimuone. Anali mtsikana, wa masaya, ali m'tulo, atavala chipewa cha ulusi mpaka m'maso. Za tsitsi sindinafunse. Ndinasenda mazira, ndinadula, ndinawaza. Analuma kamodzi n'kukwinya nkhope.

"Mwayamba kuumira mchere manje? Onjezani."

Ndinaonjezera. Basi yake inabwera, anakwera, ndipo ine ndinagulitsa mazira otsalawo mpaka dzuwa kupendeka, n'kunyamula beseni langa kubwerera ku Kanyama.